A malume ndi njinga ya kumtaya

Abale anzanga, sabata ino tisiye kaye zandale ndi za mtengo wa feteleza, tikambeko za zinyalala. Musaseke. Nkhani imeneyi yandisowetsa tulo mwezi wathunthu kuno ku Mangalande, ndipo idatsala pang'ono kundidanitsa ndi a malume anga enieni, alongo awo a mayi, amene adandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 ndi ndalama zokonzera njinga pansi pa mtengo wa mango pa Mponela.

A malumewo adabwera kudzaona mdzukulu amene adabadwa chaka chatha. Atangotha masabata atatu ali nafe, mwini nyumba imene tinkachita lendi adatilembera kalata kuti akufuna kuigulitsa, ndiye tisamuke. Kusamukako sikudali nkhani. Nkhani idali pa chikole. Kuno ukamalowa m'nyumba ya lendi umasiya ndalama ya chikole, imene lamulo la 2019 limati isapose lendi ya masabata asanu, ndipo potuluka amakubwezera yonse pokhapokha ukaisiya nyumbayo monga udaipezera. Ukaiwala ngakhale matiresi amodzi kuseri, amaitana anthu odzachotsa n'kudula pa ndalama yako yomweyo. Ife ndalamayo tidali titaiwerengera kale, poti ndiyo idali yoti ibweze ngongole imene tidatenga kuti tilowere m'nyumba ina.

Tsono kashedi kathu ka kuseri kadali kodzaza mpaka kudenga. Zaka 6 tikungoponyamo: sofa yothyoka mwendo, matiresi awiri, firiji yakufa, zitini za penti, makatoni, zidole za ana, zovala zimene mayi a kunyumba ankati adzatumiza kumudzi koma osatumiza. Kwathu izi sizikadakhala vuto. Ukangotulutsa pabwalo n'kuuza mwana mmodzi kuti "akuti zikutayidwa", dzuwa lisadalowe pabwalo payera kale. Zotsalazo umakumba nkhuti kapena kusonkha moto madzulo. Kuno kangoyesani kuyatsa matiresi kuseri kwa nyumba, muona galimoto yozimitsa moto ili pakhomo musadamwe ndi tiyi yemwe.

M'madera ambiri a ku England muli makhonsolo awiri osanjikizana. Yaing'ono, ya m'dera limene ukukhala, ndiyo imatumiza galimoto kudzakhuthula mabini pakhomo. Yaikulu, imene amaitcha county council, ndiyo imaona kumene zinyalalazo zikathere, ndipo lamulo la zachilengedwe la 1990 limailamula kuti ikhale ndi malo amene munthu wamba angakatayeko katundu wa m'nyumba mwake osalipira. Ndati osalipira, koma musanyengedwe, msonkho wa khonsolo umene timadula mwezi ndi mwezi ndi womwewo. Pachikwangwani cha malowo amalemba dzina lalitali lachingerezi, koma eni dziko amangoti "tip". Ine ndi a malume tinkangoti kumtaya.

Ndiulule kuti poyamba sindinkafuna kupitako. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku, ndipo masana thupi limangofuna bedi. Pa Facebook padali mnyamata wina wa vani amene adati achotsa zonse tsiku limodzi pamtengo wozizira kwambiri. Ndidatsala pang'ono kumuitana. Adandibweza ndi mayi wina wa ku Zimbabwe amene timagwira limodzi ntchito. Adati anthu otchipa chonchowo ambiri alibe chilolezo chonyamulira zinyalala, amangokazikhuthula m'mbali mwa msewu wa kumidzi usiku. Akhonsolo akafika amafufuza m'mulumo, ndipo akapeza envulopu ya dzina lako, mlandu ndi wako. Lamulo limati mwini zinyalala aonetsetse kuti wapatsa munthu wolembetsedwa, ndipo chindapusa chake chimatha kufika mapaundi 600. Nditamufunsa mnyamata uja nambala ya chilolezo chake, sadayankhenso mpaka lero.

Choncho ndidatsata njira yaitali. Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, makhonsolo ambiri adayamba zoti munthu azilembetsa kaye pa intaneti asadapite kumtaya, ndipo kwathu kuno sadasiyebe. Umasankha tsiku ndi ola, n'kulemba nambala ya galimoto. A malume atamva adaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, kukataya zinyalala mpaka kupanga apointimenti ngati ukukaonana ndi DC?" Ndidafuna kubwereka vani ya mnzanga kuti ulendo ukhale umodzi, koma vani imafuna chilolezo chake chapadera, poti amakayikira kuti mwina ndiwe wabizinesi ukuzembetsa zinyalala za kuntchito. Ndiye kadatsala kagalimoto kanga kakang'ono, maulendo atatu, masiku atatu.

Loweruka loyamba a malume adati atsagana nane. Adamanga mpango kukhosi kuti akatseke mphuno. Iwo m'mutu mwawo mudali Mzedi, mtaya uja uli mukangotuluka mu Limbe kulowera ku Zomba, kumene adapitako kale kukasaka zitsulo: utsi, ntchentche, akhwangwala, anthu akuthamangira galimoto isadaime. Zimene adapeza ndi bwalo la simenti losesedwa bwino, magalimoto ali pamzere, ndi makontena akuluakulu achitsulo otseguka pamwamba, iliyonse ndi nambala yake komanso chikwangwani chake. Iyi ya matabwa, iyi ya makatoni, iyi ya udzu ndi nthambi za m'dimba, iyi ya zitsulo, iyi ya zidutswa za njerwa. Mpango uja adaumasula mwakachetechete.

Pageti padaima bambo wina wachikulire wovala jekete yachikasu. Adaona nambala ya galimoto, adasuzumira kumbuyo, n'kufunsa kuti m'majumbo akuda asanu aja mudali chiyani. Ndidati zinyalala basi. Adamwetulira monga amachitira mphunzitsi amene wamva bodza lomwelo kwa zaka zambiri, n'kundilozera tebulo lina pambali. Abale, ndidamasula majumbo onse asanu pamaso pa anthu. Mudatuluka mabotolo, mawaya a foni, ketulo yakufa, mapepala a kubanki, nsapato imodzi yopanda inzake. Munthu wamkulu ngati ine, ana atatu, ndikusankhula zinyalala zanga ngati ndikusankha nyemba, a malume ataima poteropo manja kumbuyo.

Chimene chidamukwiyitsa pang'ono bambo uja ndi mabatire. Adatola kagalimoto koseweretsa ka mwana wanga, adakatsegula pamimba, n'kundionetsa. Adati mabatire a masiku ano, makamaka ochajidwa aja, akapsinjidwa ndi makina amaphulika n'kuyatsa mulu wonse, ndipo moto wa mtundu umenewu wawotchapo magalimoto onyamula zinyalala ndi mashedi omwe. Ali ndi kabokosi kawokawo. Firiji nayo ili ndi pake, poti mpweya wa m'mafiriji akale umaononga chophimba cha mumlengalenga chimene chimatiteteza ku ukali wa dzuwa, ndipo maiko adagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti authetse. Amayamba aupopa kaye asadaphwanye chitsulocho. Sofa, kuyambira Januwale 2023, saikwiriranso pansi. Amakaiwotcha m'ng'anjo zapadera chifukwa siponji ndi nsalu za masofa ambiri zidathiridwa mankhwala oletsa moto amene saola m'nthaka. Penti wamadzi adandibwezera. Adati ndikathiremo mchenga aume kaye, ndidzabwere naye ulendo wina.

Musaganize kuti zonsezi n'chifukwa choti azungu amakonda ukhondo kuposa ife. Ine ndimakolopa m'nyumba zawo, ndikudziwa. Nkhani yagona pa ndalama. Mu 1996 boma lidaika msonkho pa zinyalala zokwirira pansi, mapaundi 7 pa tani. Msonkhowo wakhala ukukwera, moti pofika Epulo 2025 udali pa mapaundi 126.15 pa tani. Ndiye jumbo lililonse losakaniza limene mwaponya m'kontena ya "zotsala" ndi ndalama imene khonsolo iluze, pamene chitsulo, katoni ndi zitini ikazipatula imagulitsa. Chitini cha aluminiyamu chikasungunulidwa n'kupangidwanso chimangodya kachigawo kakang'ono ka magetsi amene akadafunika kuchipanga kuchokera ku miyala ya pansi. Bambo wa jekete yachikasu uja si mlonda wa ukhondo chabe, ndi mlonda wa thumba la khonsolo.

Ndili mkati monyamula makatoni, ndidazindikira kuti a malume sali pambali panga. Ndidawapeza pamwamba pa masitepe a kontena ya zitsulo, atagwira chitsulo chotchingira ndi manja onse awiri, akuyang'ana pansi ngati munthu amene waima pamanda. M'katimo, pamwamba pa mapaipi ndi mapoto obooka, padagona njinga yobiriwira.

"Tabwera udzaone," adatero osacheuka. "Felemu yowongoka. Malimu onse awiri abwinobwino, palibe sipoko yoduka. Chishalo chatsopano. Tcheni changochita dzimbiri, chikufuna oyilo basi. Tayala lakumbuyolo laphwa, koma ndi chubu chokha. Mphindi makumi awiri, mphwanga. Undipatse mphindi makumi awiri."

Ndisadayankhe, mwendo umodzi udali utakwera kale pachotchingira. Munthu wa zaka 68. Bambo wa jekete yachikasu adafuula ali patali n'kubwera chothamanga, ine n'kuwagwira a malume m'chiuno. Magalimoto onse adaima, anthu akuyang'ana. Ine ndidakhala womasulira pa mkangano umene sindinkafuna kuti uchitike.

Bamboyo adalankhula mwaulemu ndithu. Adati chilichonse chimene chalowa m'kontena si cha munthu amene wachitaya, komanso si cha amene wachiona. Ndi cha khonsolo ndi kampani imene imayendetsa malowo, ndipo chidzagulitsidwa pa sikelo. Adati iye mwini saloledwa kutolamo ngakhale supuni, akatero ntchito yatha, makamera ali paliponse. Adati munthu akagwera m'menemo n'kubayidwa ndi chitsulo, malo onse atsekedwa.

A malume adamvetsera mpaka ndidamaliza kumasulira, kenaka adati: "Uwafunse bwanawa, njingayi akakaigulitsa pa sikelo ipeza ndalama zingati? Ine ndilipira kawiri." Bamboyo adapukusa mutu, adati alibe buku lolembamo malonda otero. A malume adati: "Uwauze kuti kwathu njinga ngati iyi ndi munda. Mnyamata akaimangira keliyala ndi kakhushoni, n'kuima nayo pa siteji, banja ladya, ana apita kusukulu. Imeneyi imanyamula mayi wapakati kupita naye kuchipatala usiku." Ndidamasulira, koma Chingerezi changa chidaifewetsa nkhaniyo. Bamboyo adati akumvetsa, ndipo nkhope yake idaonetsa kuti akumvetsadi, koma lamulo ndi lamulo.

Tili pomwepo chidabwera chimakina cha dzanja lachitsulo chimene chimatsindira katundu kuti m'kontena mulowe zambiri. Adatiuza kuti titsike pamasitepe. Sitidaone, tidangomva phokoso.

M'galimoto a malume sadalankhule mpaka tidafika kunyumba. Nsima adadya pang'ono. Usiku ndikukonzekera kupita kuntchito adandiitana n'kunena mawu amene adandilasa: "Iwe udaima mbali ya mzungu. Udandigwira m'chiuno ngati wakuba." Ndidayesa kufotokoza kuti kuno munthu wokonza njinga amalipiritsa pa ola, ndipo ola lake limodzi ndi zipangizo zimatha kuposa mtengo wa njinga yakale, n'chifukwa chake anthu amangotaya n'kugula ina. Adati: "Ndiye kuti dziko lino mulibe amisiri, muli ogula okhaokha." Ndidapita kuntchito mtima uli mwaa.

Usiku umenewo, ndikudikira kuti gogo wina agone, ndidaganiza zambiri. A malume sadaname. Kusankhula zinyalala si kukonza chinthu. Kuno amadziwa kupatula chitsulo ndi katoni, koma ndaona ndi maso anga mipando yolimba, mapoto opanda bowo ndi mawailesi ongofuna waya umodzi zikuponyedwa ndi anthu amene akuoneka okhutira kuti achita zabwino poti aponya m'kontena yoyenera. Ndipo ngakhale pali makontena onsewa, zinyalala za m'makomo a ku England zimene zimapangidwanso kukhala zinthu zatsopano sizifika ndi theka lomwe. Zambiri zotsalazo zimawotchedwa kuti zipange magetsi. Mapulasitiki ena amakwezedwa sitima kupita kumaiko ena. Kale ambiri ankapita ku China mpaka dzikolo lidatseka chitseko mu 2018, ndipo ena adayamba kulowera ku Turkey. Bwalo losesedwa bwino lija ndi khomo chabe, kuseri kwake sitikuonako.

Koma nafenso tisadzitame msanga. N'zoona kuti kwathu chitini chimasanduka koloboyi, chubu chimasanduka malegeni omangira katundu, chitsulo cha galimoto yakufa chimasanduka mbaula, majumbo amasanduka mpira wachikulunga. Luso limenelo ndi lenileni, ndipo ndi limene lidandiphunzitsa ine sukulu. Koma timakonza chifukwa tilibe pogwira pena, ndipo chimene chatikanika kukonza timachitani nacho? Pitani mukaime pa mlatho wa Mudi mu Blantyre mvula yoyamba ikagwa, mukaone matewera a ana ndi mabotolo apulasitiki akuyandama. Batire yakutha timaponya m'chimbudzi kapena kupatsa mwana aziseweretsa. Ndikadakonda tikadakhala ndi manja a malume komanso kabokosi ka mabatire ka bambo uja, koma sindidaonepo malo amene ali ndi zonse ziwiri.

Ulendo wachiwiri ndidapita ndekha, a malume adakana. Ndidanyamula matiresi, penti wouma uja ndi majumbo a zovala. Bambo wa jekete yachikasu adandizindikira. Adafunsa kuti mdala uja ali kuti. Ndidati akwiya. Adakhala chete pang'ono, kenaka adandilozera kashedi kena kufupi ndi geti yotulukira, kamene tsiku loyamba sindidakaone n'komwe chifukwa cha manyazi a majumbo aja. Adati munthu akabwera ndi chinthu chabwino n'kuwauza asadachiponye, amachiika pambali, chimapita m'kasitolo kameneko n'kugulitsidwa motchipa. Njinga yobiriwira ija mwini wake adangofika n'kuponya, iwo ali kwina. Adati zimamuwawa nayenso, amaziona tsiku lililonse. Adati ndibwere nawo mdalawo Loweruka m'mawa, katundu watsopano asadathe.

Kuwanyengerera kudatenga masiku atatu, ndipo amene adakwanitsa ndi mayi a kunyumba, osati ine. Loweruka tidapita ndi sofa, titaidula pakati kuti ikwane. Tikudutsa pa mabini a zovala, ndidawafotokozera kuti zambiri zimene zimaponyedwa m'menemo zimagulitsidwa pa kilo kwa makampani amene amazisankha, kuzimanga m'mabelo n'kuzitumiza kunja, ku Africa kuno n'komwe. Adaima, adayang'ana binilo, adayang'ana jekete imene adavala, imene adagula pa kaunjika pa Mponela pokonzekera ulendo uno. "Ndiye kuti jeketeyi yabwerera kwawo," adatero. Kadali koyamba kuseka sabata yonseyo.

M'kasitolo muja mudali mbale, mabuku, mipando, zoseweretsa ana, ndipo kukhoma kudatsamira njinga zinayi. A malume sadathamange. Adazizungulira imodziimodzi, kutembenuza iliyonse miyendo m'mwamba, kupukusa pedulo, kutchera khutu ku fuliwilo, kutsinzina diso limodzi poyang'ana ngati limu likuyenda mowongoka. Mtsikana wogulitsa adasiya zimene ankachita n'kumaonerera. Ziwiri adazikana, ati zokongola koma felemu yake ndi yopepuka, singapirire thumba la chimanga. Adasankha yakuda, yakalekale, yolemera, ya keliyala kale. Mapaundi 15. Ndidatulutsa khadi, koma adandigwira dzanja n'kutulutsa ndalama zawo zimene adasintha ku Lilongwe, zomwe ankasungira mphatso za adzukulu. Potuluka adapita kwa bambo wa jekete yachikasu, adavula chipewa, n'kumugwira chanza ndi manja awiri. Palibe adafuna womasulira.

Nyumba yakale tidaisiya yoyera, ndipo chikole chidabwera, atangodulapo pang'ono chifukwa cha khoma limene ana adalembalemba. Ngongole tabweza.

Njinga ija adaikonzera m'khitchini ya nyumba yatsopano, poti kunja kunkazizira. Mphindi makumi awiri zija zidasanduka masiku anayi, chifukwa adaimasula yonse mpaka timipira ta m'mabelingi, n'kutitsuka m'mbale imene mayi a kunyumba amakandiramo mandasi. Za mbaleyo tisakambe pano. Ataimaliza adayamba kuzungulira nayo m'kamsewu kathu m'mawa uliwonse, jekete ya kaunjika ikuuluzika. Sabata isadathe, mayi wa nyumba yoyandikana nafe adagogoda ndi kanjinga ka mwana wake kothothoka tcheni. Kenaka adabwera wina, ndi winanso. Ndidachita kuwachenjeza a malume kuti chitupa chawo n'cha mlendo, sichilola ntchito yolipidwa, asalandire ngakhale kobiri. Adati iwo sadapemphe munthu ndalama. Pakali pano talandira makeke awiri, botolo la uchi ndi sipanala zitatu za malemu mwamuna wa gogo wina wa pakona. Zaka 6 ndakhala m'tauni ino aneba osandidziwa dzina, lero ndikamadutsa amandifunsa kuti a malume adzuka bwanji.

Anyamuka pa 14 mwezi wamawa, ndipo akuti njingayo sakuisiya. Ali kale ndi mnyamata m'maganizo, mdzukulu wa mlongo wawo wina amene adalekeza Fomu 2 ndipo akungokhala. Ndafunsa kwa anzathu amene amatumiza katundu pa kontena: mtengo wake ukuposa wa njingayo kangapo, ndipo imatha miyezi panyanja isadafike n'komwe padoko. Mayi a kunyumba akuti ndalama imeneyo bola tingotumiza pa foni, mnyamatayo akagule njinga konko. A malume akuti za konko sizingafanane ndi iyi. Tikiti yawo ikulola masutikesi awiri a makilogalamu 23. Dzulo pochokera kuntchito m'mawa ndidawapeza pabalaza atachotsa kale matayala onse awiri ndi mahandulo, zovala zawo zili mulu pampando, akuyeza felemu pa sutikesi ndi chingwe cha nsapato.